Bwanji sanamubaye jakisoni?

Dzulo mayi anga anabwera kuchokera kuchipatala atakwiya. Anapita ndi mdzukulu wawo, anamuyeza magazi pachala n'kumupeza ndi malungo, basi anangowapatsa LA. "Mwana thupi moto chonchi, mapiritsi okhaokha? Bwanji osamubaya jakisoni?" Ndinawamvetsa, chifukwa ambirife tinakula tikukhulupirira kuti singano ndi diripi ndiye mankhwala enieni.

Ine ndikuti mankhwala aja anali oyenera. Chandipweteka n'chakuti palibe amene anawauza chifukwa chake.

Mankhwala a malungo sasankhidwa mwachisawawa. Akatswiri amatenga odwala matenda ofanana, awa n'kuwapatsa mankhwala ena, awo ena, kenako n'kuwerenga kuti ochira achuluka mbali iti. Umboni wotere ndi umene unapangitsa Malawi kusiya kolorokwini mu 1993 n'kuyamba Fansidar, dziko loyamba mu Africa kutero, kenako n'kusinthanso kupita ku LA mu 2007 Fansidar atafooka.

Ngakhale jakisoni amene mayi amafunayo anayesedwa chimodzimodzi. Kale mwana wa malungo aakulu ankapatsidwa kwinini, uja woliza m'makutu. Mu 2010 panatuluka zotsatira za kafukufuku wa AQUAMAT, wa ana oposa 5,000 m'mayiko 9 a mu Africa, Mozambique ali momwemo. Pa ana 1,000 aliwonse olandira kwinini, 109 anamwalira, pamene pa olandira jakisoni wina wotchedwa artesunate anamwalira 85. Taganizirani, ana 24 amene akanapita kumanda anabwerera kwa amayi awo! N'chifukwa chake lero mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse kapena walephera kuyamwa amabayidwa artesunate.

Koma mwana amene akumwa ndi kudya, LA imamukwanira, bola amwe kawiri patsiku masiku atatu osadumphitsa, ndipo alandire kachakudya ka mafuta, kaya mkaka kaya phala la nsinjiro, kuti mankhwala alowe bwino m'thupi.

Adokotala ndi anamwino, ndikudziwa kuti mzere umafika mpaka panja ndipo mumatopa. Komabe chonde, mawu awiri okha: "Agogo, awa ndi amene akuchiza bwino, jakisoni ndi wa mwana amene wafooka kwambiri, akasintha mubwere naye msanga." Mayi anga anatsala pang'ono kusiya LA uja n'kukasaka wobaya jakisoni wa m'makwalala. Ndinakhala nawo pansi usiku mpaka anavomera, ndipo m'mawa uno mwana wamwa mapiritsi ake ndi phala.