Ana anga, mwapambana inde, koma tsikani pamwamba pa lolepo

Pakhonde panga pali patapata imodzi ya kumanzere, yoduka chingwe. Ndinaitola pamsewu Lachitatu usiku pa 24 Sepitembala 2025, bungwe loyendetsa zisankho la MEC litangolengeza kuti a Peter Mutharika ndiwo apambana chisankho cha pa 16 Sepitembala. Mwini wake ndi mnyamata wosafika zaka 20, mwana wa anthu amene timapemphera nawo kuno ku Bangwe. Anakwerana anayi pa njinga yamoto imodzi ya kabaza, popanda ndi mmodzi yemwe wovala chisoti, woyendetsayo dzanja lina pa handulo, lina likukupiza nsalu ya chipani. Atafika pa hampu ya pafupi ndi chigayo njinga inawataya. Atatu anadzuka n'kumadzisasa fumbi uku akuseka. Wachinayiyu anangoti zii. Tinamunyamula ine ndi abambo ena awiri, magazi akuchucha m'kamwa, ndipo galimoto zitatu zinatidutsa zikuimba hutala, anthu ali m'mawindo akukuwa kuti "Boma ilo!" Yachinayi ndiyo inaima. Lero mwanayo ali m'chipatala nsagwada zitamangidwa ndi mawaya, phala akuchita kumwera pa kapaipi. Amayi ake agulitsa matumba awiri a chimanga amene anasungira mwezi wa Januwale.

Ndiye ndimvereni, ana anga ndi adzukulu anga, chifukwa Loweruka likubwerali, pa 4 Okutobala 2025, kuli mwambo wolumbiritsa mtsogoleri ku Kamuzu Stadium, ndipo ndikudziwa kuti mwakonzeka kale kubwereza zomwezija.

Musandiyese munthu wosadziwa kukoma kwa voti. Ndinakudziwa inu musanabadwe. Pa 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu, ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ndinavala jekete chifukwa cha chisanu cha mwezi umenewo, n'kukaima pamzere kusukulu ya pulayimale kunja kudakali mdima. Tinkasankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Pamzere ponsepo panalibe wolankhula mokweza. Tinali anthu ozolowera kuyang'ana kumbuyo tisanatsegule pakamwa, anthu amene tinabwezedwapo pakhomo la msika kapena pokwerera basi chifukwa chosowa khadi la chipani. Chaka chapitacho, mu Malichi 1992, kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi, kungopezeka nayo m'thumba unali mlandu. A Chakufwa Chihana anangotsika ndege ku Lilongwe mu Epulo chaka chomwecho n'kumangidwa pomwepo. Ndiye taganizani munthu wokulira m'zimenezo akupatsidwa pepala, akuuzidwa kuti lowani umo, palibe akuoneni. Manja anga ankanjenjemera. Patsogolo panga panali mayi wina wachikulire woyendera ndodo. Atatuluka anaima n'kumayang'ana inki ya pa chala chake, misozi ili chuchuchu, osanena kanthu. Kenako anangoti, "Mwana wanga akanakhalapo." Sindinamufunse kuti mwanayo anapita kuti. Masiku amenewo funso lotere yankho lake tonse tinkalidziwa.

Zotsatira zitatuluka kuti nyali yapambana, tinavina. Chaka chotsatira, pa 17 Meyi 1994, a Bakili Muluzi atapambana, tinavinanso, wina akati "Zinthu zatani?" tonse n'kuyankha "Zasintha!" mpaka mawu kusasa. Choncho mtima umene umadumpha m'chifuwa ukamva dzina la munthu amene unamuvotera likutchulidwa pa wailesi ndimaudziwa bwino. Si tchimo. Mwaima m'mizere ya mafuta usiku wonse, mwagula shuga ndi chimanga pa mitengo yoboola m'thumba, mwapirira, kenako mwakalankhula ndi chala chanu. Sangalalani ndithu. Chimene ndikukana ine n'choti chimwemwecho chizikathera kuchipatala, kumanda, kapena pakhomo pa mnansi wanu.

Za pakhomo pa mnansizi ndiye zandiwawa kuposa za ngozi ija, chifukwa ngozi munthu sachita kuifuna, pamene izi mumachita kupangana.

Kuseri kwa nyumba yanga kumakhala mayi wina wochokera ku Dowa, wamasiye, amene amagulitsa zitumbuwa ndi mandasi. Wakhala kuno zaka zoposa 20. Ambiri mwa inu munakula mukudya zitumbuwa zake pangongole popita kusukulu, ndipo ena ngongolezo simunabweze mpaka lero. Usiku womwewo wa Lachitatu gulu la anyamata linaima pa mpanda wake likuimba kuti apakire azipita kwawo kwa atambala. Wina anaponya mwala padenga. Wina anatsomphola nsalu ya chipani cha Kongeresi imene inali pachingwe n'kuitentha pamsewu. Nsaluyo mayiyu amaberekera mdzukulu wake, ndipo mwina anangoilandira pa msonkhano monga alandirira amayi ambiri. Kaya anavotera ndani, ndani anaona? M'mawa mwake sanakazinge. Ndinamupeza atakhala pa mtondo, chitseko chili chotseka, akundifunsa chapansipansi kuti, "Achimwene, kodi tizisamukadi?" Ndinasowa poyang'ana. Mawu a anyamata ena pagululo ndinawazindikira. Makolo anu ndakumana nawo kale, ndipo ndikulemba pano kuti ena amene anachita zotere ku Ndirande, ku Chilobwe kapena kwina kulikonse adziwe kuti akuluakulu tinaona.

Tsono inu a mbali inayo musafulumire kugwedeza mutu ngati ndinu oyera. Mu Juni 2020 ndinali ku Lilongwe kwa mwana wanga. Mukukumbukira mmene zinayendera. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chija cha Tipp-Ex, zionetsero miyezi yambirimbiri, kenako pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anawerenga chigamulo chawo tsiku lonse, dziko lonse khutu lili pa wailesi, mpaka anafafaniza chisankhocho. Khoti lalikulu la apilo linagwirizana nawo mu Meyi. Tinavotanso pa 23 Juni, ndipo usiku wa pa 27 Juni analengeza kuti a Lazarus Chakwera ndi malemu a Saulos Chilima apambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse. Mu Africa muno kanali koyamba kuti khoti lifafanize chisankho cha pulezidenti kenako otsutsa boma n'kupambana chobwerezacho. Dziko lathu linatchuka. Koma usiku womwewo, mu mzere wa nyumba zimene ndinkagona, anyamata ovala zofiira ndi za tambala anaima pakhomo pa telala wina wa ku Thyolo n'kumamuimbira nyimbo yomweyi, yoti apakire azipita kwawo. Mawu ake omwewo, mwala padenga womwewo, kungosintha mtundu wa malaya. Ena mwa anyamata amenewo sabata ino akuopa kutuluka panja.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene anavina mu 2020 akulira mu 2025. Amene analira mu 2020 ndi inu mukuvina lero. Mayi Jane Ansah, amene mu 2019 anthu ankaguba m'misewu kuti atule pansi udindo ku MEC, Loweruka lino akulumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Zaka zisanu si kanthu, ana inu. Mwana wobadwa lero adzakhala asanayambe n'komwe Sitandade 1 pamene tidzaimenso pamzere.

Ndipo onani eni ake a mpikisanowo mmene anachitira. A Chakwera analankhula ku mtundu wa Amalawi masana a Lachitatu lomwelo, MEC isanalengeze, kuvomereza kuti agonja, ndipo ananena kuti aimbira foni a Mutharika kuwafunira zabwino. Ngakhale Kamuzu, Ngwazi imene inkatchedwa pulezidenti wamuyaya, mu 1994 anavomera pa wailesi kuti wagonja. Ngati amene akutaya nyumba yachifumu atha kutsitsa mtima chotero, iwe amene sunataye kanthu ndiponso sunapate kanthu, mwala ukuponyeranji padenga la mayi wa zitumbuwa? A Mutharika apeza mavoti 56.8 pa 100 alionse, a Chakwera 33. Ndiye kuti pa anthu atatu alionse amene anavota, mmodzi anasankha amene mukumunyozayo. Anthu amenewo muwathamangitsira kuti? Ndi aphunzitsi a ana anu, ndi anamwino amene akusamalira mnyamata wa patapata uja, ena ndi apongozi anu.

Za pa Facebook ndi pa WhatsApp ndingonena mwachidule. Mdzukulu wanga amandionetsa zimene mumalemba. Mukutukwana mtundu wonse wa anthu, Achewa, Alomwe, Atumbuka, Ayao, dzina lanu ndi nkhope yanu zili pomwepo. Mawa mukakafuna ntchito kapena mbeta, wina adzakutulutsirani chithunzi cha mawu amenewo, ndipo simudzakana.

Tsono za Loweruka. Inu eni malole ndi mapikapu, mukalandira ndalama ya mafuta kuti mututire anthu ku Stadium, musalole mwana wa munthu kukhala pamwamba pa kabini kapena kulendewera kuchitseko. Mukudziwa nokha mmene msewu wa Chipembere umadzazira, ndipo buleki imodzi yadzidzidzi ikwanira. Inu a kabaza, njinga ndi ya anthu awiri, ndipo ngati mwalawako kachasu kapena Chibuku, makiyi asiyireni mnzanu. Inu atsogoleri a chipani a m'madera, a mabulanchi ndi a maeliya, amene mumasonkhanitsa anyamatawa n'kuwagulira mowa, mukudziwa kuti mukangonena kamodzi kuti pakhomo pa uje pasaime munthu, samaima. Nenani. Pamaliro a mwana wakugwa palole simubwera ndi chimanga, mumangobwera ndi nsalu yofundika bokosi.

Inunso makolo anzanga, tisamangoti ana amakono samva. Lachitatu lija ambiri a ife tinali pakhonde tikuimba nthungululu pamene ana athu ankakwerana anayianayi, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Ine ndinaiona njingayo ikunyamuka. Ndinaganiza zokuwa, koma ndinati asiyeni, lero ndi tsiku lawo. Mawu amenewo akundisowetsa tulo mpaka pano.

Dzulo ndinapita kukamuona mnyamatayo. Sangathe kulankhula, ndiye anandionetsa chala chake, inki ija ikuonekabe pang'ono m'mbali mwa chikhadabo. Aka kanali koyamba kuvota. Amayi ake akuti adokotala anena kuti mawaya adzachotsa pakatha masabata angapo. Patapata yake ndalumikiza chingwe ndi waya, ikumudikira pakhonde. Mayi wa ku Dowa uja wayambanso kukazinga m'mawa uno, ndipo ndagula zitumbuwa zisanu n'kukhala naye pabenchi mpaka ana asukulu onse atadutsa.