Gemu ya m'bokosi ndi gemu ya kuseri kwa mudzi wathu

Kuno ku Nkhotakota mukamva munthu akuti "gemu", musathamangire kuganiza za mpira kapena za pa foni. Gemu ndi nkhalango ija ili kumtunda kwa boma, ya njovu ndi njati, ndipo "a gemu" ndi anthu a yunifolomu amene amalondera m'menemo. Ndiye alamu anga atafika kuchokera ku Johannesburg mwezi wathawu n'kulengeza kuti atibweretsera gemu yosunga nyama, amalume anangowayang'ana n'kuti, "Akamwini, imeneyo tili nayo kale. Ina ya chiyani?"

Anatulutsa chibokosi cholemera ngati muli njerwa. Dzina lake Ark Nova. Anaipanga ndi munthu wa ku Germany dzina lake Mathias Wigge, ndipo inatuluka mu 2021. Mkati muli makadi 255, timabolodi tojambulidwa malo a thanthwe ndi a madzi, timakola todula pa katoni, ndalama zachinyengo, ndi kabuku ka malamulo kamene kanatitengera madzulo onse a Lachisanu kuti tikamve. Aliyense amalandira malo ake opanda kanthu n'kuyamba kumangapo zoo, malo aja osungira nyama zakutchire m'makola kuti anthu azilipira pokaona. Osewera sapitirira anayi. Pa bokosi analemba kuti masewera amatha pakati pa mphindi 90 ndi 150. Ife tsiku loyamba tinayamba dzuwa lili paliwombo n'kumaliza ndi tochi ya foni, magetsi atazima, mwera ukuuluza makadi pakhonde mpaka tinawapsinja ndi timiyala ta kunyanja.

Ndiyambe ndi kuyamika, chifukwa ena mwa inu mumati ine ndimangodziwa kudandaula. Gemuyi ndi yanzeru kwambiri. Munthu umakhala ndi makadi asanu a zochita: kumanga, kuika nyama, kutola makadi, kutuma antchito ku bungwe, ndi kupeza okuthandiza. Makadiwa amandandalikidwa pa malo 1 mpaka 5. Khadi limene lili pa 5 lili ndi mphamvu zonse, koma ukangoligwiritsa ntchito limabwerera pa 1, enawo n'kusendera m'mwamba. Ndiye ukhoza kukhala ndi mkango m'manja, ndalama zilipo, mtima ukudya moto, koma khadi lomangira khola lili pa 2. Uyenera kuyamba wachitako zina kaye kufikira litakhwima. Amene amasewera bawo akudziwa kupweteka kumeneku: njere ukuziona, kudya ukukuona, koma nthawi yake sinakwane, ndipo ukapupuluma mnzako akukokolola mzere wonse. Amalume, amene pa bawo palibe wowagonjetsa kuyambira pamsika mpaka ku Chia, anaimva nkhani ya makadi asanuwa msanga kuposa ine ngakhale Chingerezi chawo n'cha moni basi. Anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iyi si ya ana."

Chinanso chimene ndinachikonda ndi kawerengedwe ka chipambano. M'mbali mwa bolodi muli mizere iwiri yoyenda moyang'anizana. Wina umawerenga kutchuka kwa zoo yako, ndiye kuti anthu angati akufuna kudzaona, ndipo ndi umenewu umabweretsa ndalama. Winawo umawerenga ntchito yoteteza nyama. Masewera amafika kumapeto zizindikiro zako ziwirizi zikakumana. Ukangolimbikira kudzaza makola kuti alendo achuluke, supambana. Ukangolimbikira zachifundo wopanda ndalama, supambananso. Aliyense amene anayendetsako kagolosale kapena kasukulu ka mkaka akudziwa kuti umu ndi mmene zinthu zilili.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tikambirane.

Tsiku lachiwiri ndinapeza khadi la njovu. Ndinasunga ndalama, ndinamanga khola lalikulu kuposa onse, la magawo 5, ndinaiika njovu yanga n'kudzimva ngati bwana. Amalume anaŵerama, anayang'ana khadi, anayang'ana khola, kenako anafunsa alamu, "Akamwini, nanga mawa idya chiyani?" Alamu anati mu gemuyi nyama umalipira kamodzi pogula, basi. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Njovu yosadya? Imeneyo ndigulireni iwiri."

Tinaseka tonse, koma funsolo landikhala m'mutu mpaka lero. Njovu yeniyeni imadya zoposa makilogalamu 100 patsiku, ndipo sisankha kuti ichi n'chitsamba cha boma, ichi n'chinangwa cha mayi wamasiye. M'bokosi muja nyama sidya, sidwala, sithyola mpanda. Kunja kwa malire a zoo yako kulibe mudzi, kulibe munda, kulibe mwana wopita kusukulu m'mamawa kudutsa m'tchire. Pali thebulo chabe.

Wina anena kuti ndikufunsa zosayenera, popeza gemuyi ikunena za zoo ya mumzinda wa ku Ulaya, kumene woyandikana naye ndi msewu wa tala ndi malo oimika magalimoto. Alamu anandiuza zomwezo, ndipo mbali ina akunena zoona. Zikanakhala za makola ndi matikiti okha, ndikanatseka pakamwa. Koma gemuyi imadzitama ndi kuteteza nyama. Njira imodzi yopezera mapointi ambiri ndi kutulutsa nyama m'khola lako n'kuibwezera kutchire. Umataya kutchuka kumene nyamayo imakupatsa, khola limatsala lopanda kanthu, koma mzere wa kuteteza nyama umadumpha. Khadi limachoka pa bolodi n'kukaikidwa pambali, nkhani yatha. "Kutchire" kumeneko m'bokosi kulibe dzina, kulibe mfumu, kulibe anthu. Koma ife tikudziwa kuti kutchire kumeneko n'kuno. Khadi lija likachoka pa thebulo la mzungu, limatera kuseri kwa nyumba ya munthu wina.

Tinaziona ndi maso. Nkhalango ya Nkhotakota ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo kale munali njovu zoposa 1,500. Opha nyama mozemba anazitha mpaka zinatsala zosakwana 100. Mu 2015 bungwe losamalira nkhalango za nyama la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsira kuno njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamodzi ndi nyama zina monga njati ndi mphalapala. Amene munali m'mbali mwa msewu masiku amenewo mukukumbukira zimalole zija. Ngakhale Prince Harry anabwera kudzagwira nawo ntchitoyo mu 2016, ndipo manyuzipepala akunja anadzaza zithunzi zake. M'chilankhulo cha Ark Nova, limenelo linali khadi lamapointi ochuluka kwabasi.

Koma taonani zimene zinayenera kuchitika njovu isanatsike m'lole ngakhale imodzi. Anayamba amanga mpanda wa waya wamagetsi. Anachotsa misampha yambirimbiri m'nkhalango. Anaphunzitsa a gemu. Anakhala pansi ndi mafumu. Ndipo njovu zitatsika ntchito sinathe, m'pamene inayamba: waya amafuna munthu womuyendera, mtengo ukagwera pa mpanda pamafunika wokonza usiku womwewo, anthu a m'midzi yozungulira amafuna kuona phindu lawo, kaya ndi ntchito, kaya ndi ming'oma ya njuchi. Kusamutsa njovu kunatenga miyezi yowerengeka. Kukhala nazo n'kwa moyo wonse, ndipo njovu imakhala zaka 60 kapena kuposa. Walira mvula walira matope. Gemu ya m'bokosi ili ndi mvula yokhayokha.

Ine nyama yanga yodandaula nayo si njovu n'komwe, ndi mvuu. Mayi anga amalima mpunga kudambo, ndipo chaka china mpunga utangoyamba kuŵeramitsa ngala, mvuu ziwiri zinatuluka m'madzi usiku umodzi n'kumweta theka la munda ngati zalipidwa. Mvuu ilibe mpanda, ilibe mwini woti ukam'dandaulire. Masabata otsatirawo ine ndi achimwene tinkagona m'kachisakasa pakati pa udzudzu, tikuimba zitini ndi kukoleza moto. Amene sanamvepo mvuu ikupuma pafupi mumdima asandiuze za kukongola kwa chilengedwe. Ndipo musandimve molakwa, mvuu sindidana nazo. Ndikaona zikutulutsa timakutu m'madzi m'mawa mtima umakhala m'malo, ndipo ndikufuna ana anga adzazione zamoyo, osati pa khadi. Ndikungonena kuti chikondi chimenechi chili ndi mtengo, ndipo amene amalipira nthawi zambiri si amene amajambula zithunzi.

Pali kenanso kamene kanandiseketsa mowawa. Mu gemuyi ukapanga ubale ndi zoo ya ku Africa, nyama za ku Africa umazigula motchipa. Africa yense, kuyambira Cairo mpaka Cape Town, ndi kachizindikiro kamodzi kochotsera mtengo. Ndinayang'ana m'makadi amene tinatola ngati ndingaone mpasa wa mu mtsinje wa Bua, nsomba ija imakwera mtsinje kukaswa nthawi ya mvula. Sindinamuone. Chabwino, si nsomba ya m'zoo. Koma kwa ife kuno, ngati pali chifukwa chimodzi chimene msodzi wosaonapo njovu angatetezere nkhalango ija, ndi mpasa ameneyu: mitengo ikatha kumtunda, Bua amadzaza matope, ndipo mpasa alibe poikira mazira. Nkhani yokoma ngati imeneyo, yolumikiza phiri la Chipata ndi mbale ya kondowole, palibe bokosi lochokera kunja limene lingatiuze.

N'chifukwa chake ndikuti anyamata ndi atsikana athu amene mumadziwa kujambula ndi kupanga zinthu pa kompyuta, tatipangireni yathu. Osati kukopera ya eni ake, ayi. Ya kuno. Pakati pa bolodi pakhale nkhalango, m'mbali mukhale midzi. Wosewera wina akhale woyang'anira nkhalango, wina mfumu, wina mlimi, wina mwini loji. Pakhale khadi la chilala, pamene nyama ndi anthu akulimbirana chithaphwi chimodzi. Pakhale khadi la wootcha makala amene si munthu woipa koma mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Pakhale khadi la waya woduka. Ndipo ikhale m'Chichewa, chifukwa chimene chinalepheretsa amalume kugwira makadi okha tsiku loyamba si nzeru, ndi timalemba tating'onoting'ono ta Chingerezi. Anafunika mdzukulu wa Fomu 3 pambali pawo kuti aziwawerengera. Ikhalenso yotchipa. Mtengo wa bokosi lija alamu anandinong'oneza mlongo wanga atapita kukhitchini, ndipo sindiulemba pano kuopa kupasula banja.

Podikira zimenezo, tinaikonza tokha. Loweruka lapitali amalume anabwera ndi zitsekerero za mabotolo m'thumba la malaya. Anaika zitatu m'mphepete mwa bolodi la aliyense n'kunena kuti imeneyo ndi midzi. Lamulo lawo linali lakuti nthawi yopuma ikakwana, pamene aliyense amalandira ndalama, amene ali ndi nyama ya m'khola lalikulu alipire 2 pa nyama iliyonse, ya chakudya ndi ya mpanda. Akalephera, chitsekerero chimodzi chitembenuzidwe, mudzi wakwiya. Zikatembenuka zonse zitatu, nyama imodzi yapita ndi msampha. Ndipo wobwezera nyama kutchire asalandire mapointi ake kufikira atalipira midzi yonse itatu.

Alamu anakana poyamba. Anati malamulo a gemu sasinthidwa, anthu anakhala zaka akuyesa kuti zonse zilingane. Amalume anayankha kuti, "Akamwini, bokosi ndi lanu, koma khonde ndi langa."

Tinasewera choncho. Alamu anathamangira njovu ndi mkango monga mwa chizolowezi, ndipo pofika kupuma kwachitatu midzi yawo iwiri inali chagada. Ine ndinaopa, ndinangodzaza mbalame ndi tinyama tating'ono, zoo yanga inaoneka ngati khola la nkhunda. Amalume anaika njovu imodzi yokha, mochedwa, atayamba amanga timaokala tokwanira kuidyetsa, ndipo anapambana osatembenuza chitsekerero ngakhale chimodzi. Anatolera zitsekerero zawo, anazibwezera m'thumba, n'kufunsa ngati tsopano tingatulutse bawo.

Alamu abwerera ku Johannesburg Lachinayi ndipo bokosi alisiya. Loweruka likubwerali tikusowa munthu wolowa m'malo mwawo. Amene ali pafupi ndi boma andilembere ku inbox, koma abwere ndi zitsekerero zake zitatu ndi tochi.