Enchilada ya ku Mexico ndi ya ku Texas, dzina lokha ndiye limodzi

Chibwerereni kuno ku Texas ndakhala ndikuphika enchilada (tortilla, kachapati kopyapyala ka ufa wa chimanga, yopinda ndi kuthira msuzi wa tsabola) ya tchizi yopanda nyama pafupifupi Loweruka lililonse, ndiye ndaona kuti anthu akuno ndi aneba awo a ku Mexico, tsidya lina la mtsinje wa Rio Grande, amangogwirizana dzina basi.

Ku Mexico mwini nkhani ndi tsabola, dzinalo palokha lichokera ku mawu a Chisipanishi oti enchilar, kuthira tsabola. Amatenga tsabola wouma wa guajillo ndi ancho nkumuwamba pang'ono, kumunyika m'madzi otentha mpaka afewe kenako kumupera ndi adyo, ndiye tortilla ija amaiviika mu msuziwo nkuiponya m'mafuta kamphindi chabe, mkati tchizi woyera wofumbutuka uja amati queso fresco, pang'onotu osati kudzaza, kupinda, anyezi pamwamba, zatheka. Nthawi zambiri uvuni sayatsa nkomwe. Ku San Luis Potosí anachita kunyanya, tsabolayo amamukandira mu ufa momwemo.

Kuno nde eee, tchizi wachikasu mkati, wachikasu pamwamba, msuzi wake wokhathamira wa ufa wa tirigu, mafuta, cumin ndi tsabola waufa, zonse mu uvuni pa madigiri 180 Celsius kwa mphindi ngati 20 mpaka zichite kuwira m'mbalimu. Kukoma zimakoma sindikana, koma ukamaliza mbale umangofuna mphasa. Amene simudya nyama muzifunsa kaye, akuno amakonda kuthira chili con carne, nyama yophika ndi tsabola, pamwamba pa ya tchizi yomweyo, ndipo mbali zonse ziwiri ena amaphikira mafuta a nkhumba kapena msuzi wa nkhuku. Nchifukwa chake ine ndimangopanga ndekha pakhomo.

Pa tortilla ndinachita manyazi. Ndinati chimanga ndi chimanga, si chathu chomwechi chinachokera ku Mexico komweko, ndiye ndinakanda mgaiwa womwe ndinabwera nawo kuchokera kumudzi. Zinangoyoyoka m'manja ngati dothi la m'chilimwe kkkk. Kani a ku Mexico amayamba awiritsa chimanga ndi laimu kapena phulusa, chigone m'madzimo usiku wonse, akatsuka nkupera mpamene chimagwirana. Zinandikumbutsa chidulo cha agogo. Pano ndimagula ufa wake wokonzeratu, amati masa harina.

Tsopano vinyo. Anthu ambiri sadziwa kuti Mexico ndi mkulu pa nkhaniyi, kampani yopanga vinyo ya Casa Madero ya ku Parras, ku Coahuila, inayamba mu 1597, ndipo lero vinyo wawo wambiri amachokera ku Baja California, makamaka ku Valle de Guadalupe. Texas nayo ili ndi minda ya mphesa cha ku Lubbock uko komanso ku Hill Country, vinyo wawo wofiira wa Tempranillo si wachabe ayi. Ine poyamba ndinatsegula Cabernet wamphamvu uja pa enchilada yotsabola kwambiri, mkamwa munachita kuyaka, vinyo wa ukali wambiri komanso wokhakhala pa lilime amangokolezera moto wa tsabola. Ya chi Mexico imafuna rosé wozizira kapena Riesling wotsekemera pang'ono. Ya ku Texas ija poti ndi yonona, wofiira wopepuka ngati Garnacha kapena Tempranillo yemweyo amakwana bwinobwino, mungomuika mu filiji kwa mphindi 15 musanatsegule.

Mukandifunsa ine mtima wanga uli tsidya linalo, kumene umamva chimanga ndi tsabola osati tchizi yekhayekha. Komanso kumeneko pa enchilada ambiri sachita kufuna vinyo, amamwera mowa kapena agua de jamaica. Tsiku loyamba kulawa jamaica ameneyu ndinaseka ndekha, chidede chenichenitu, chomwe chija chimamera kuseri kwa nyumba ya amayi.