Mkodzo wa agogo ukanunkha, tisathamangire dipu

Anzanga amene tikugwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kuno ku England, pali chizolowezi china chimene chikundiwawa mtima. Agogo akangodzuka osokonezeka pang'ono, kapena mkodzo wawo ukada n'kumanunkha, timathamangira dipu, kapepala koviika mumkodzo poyeza matenda. Kapepala kaja kakasintha mtundu, foni kwa dokotala (GP), pofika madzulo maantibayotiki a trimethoprim kapena nitrofurantoin abwera.

Chikhodzodzo cha munthu wokalamba chimatha kusunga tizilombo tongokhala, tosamudwalitsa. Mwa agogo a m'nyumba zoterezi, otere amatha kufika theka, ndipo amene akhalitsa ndi katheta (kapaipi kotulutsira mkodzo) ndi pafupifupi onse. Dipu imangoonetsa kuti tizilombo tilipo, basi. N'chifukwa chake malangizo a zaumoyo kuno amaletsa kudalira dipu kwa munthu wopitirira zaka 65, ndipo ntchito ya To Dip or Not to Dip, yomwe inayambira m'dera la mzinda wa Bath, inabwera kudzathetsa zomwezi.

Enafe tinakulira kwathu komwe thupi likangotentha umakagula bakitirimu pagolosale, ndiye mankhwala timawaona ngati chifundo. Koma amene anasinthapo agogo otsekula m'mimba chifukwa cha C. diff (kachilombo kam'matumbo kamene kamabuka maantibayotiki akapha tizilombo tabwino), zofunda kuchapa kosalekeza, munthu kutheratu thupi atatsekeredwa yekha m'chipinda, akudziwa zimene maantibayotiki osafunika amachita. Tizilombo nato timawazolowera. Tsiku limene agogo adzadwale zenizeni, mapiritsi sagwiranso, ndiye ulendo wa kuchipatala kukalandira a m'mitsempha.

Choipitsitsa n'chakuti tikangoti "ndi UTI" (matenda a m'njira ya mkodzo), timasiya kufufuza. Mwina agogowo papita masiku asanachite chimbudzi. Mwina chifuwa chayamba, kapena penapake pakuwawa koma sangathe kunena. Nthawi zambiri ndi ludzu chabe. Taonani kapu ya tiyi ija, yazizira patebulo pomwe dzanja lawo silifika. Ena amakana dala kumwa poopa kudzinyowetsera, kapena poopa kutivutitsa ife. Khalani nawo pansi, agwirireni kapu, atsimikizireni kuti akaliza belu mubwera kudzawaperekeza kuchimbudzi.

Sindikunena kuti tiziwamana mankhwala ayi. Akamamva kuwotcha pokodza, thupi litatentha kapena akunjenjemera, m'chinena kapena m'mbali mwa msana mukupweteka, mkodzo uli ndi magazi, uzani nesi kapena GP nthawi yomweyo, mkodzo upite ku labu. Matendawa akalowa m'magazi sachedwa kupha. Koma poimba foniyo fotokozani zimene mwaona pathupi pa agogo: kutentha kwafika pati, amwa zochuluka bwanji, kusokonezekako kwayamba liti.