Nguluwe idikireni pamunda, phiri lisiyeni

Dzana msuweni wanga anandiimbira kuchokera kumudzi, kumunsi kwa Bembeke, mawu akunjenjemera. Usiku umodzi wokha nguluwe zinamufukulira kachewere pafupifupi theka la dimba. Akuti anyamata apangana kuti akayatse tchire la m'khwawa kuti zituluke, ena akatche mawaya. Ndinamuuza kuti awaletse. Ndalemba pano chifukwa ndikudziwa kuti kuyambira ku Linthipe mpaka ku Tsangano alipo ena amene akulira maliro omwewa.

Mtima wake ndikuumvetsa. Feteleza wa ngongole, kuthirira ndi khasu ndi keni m'chisanu cha ku Dedza, kenaka m'mawa n'kupeza nthaka yatembenuzidwa ngati palowa mlimi wina. Koma agogo anga aamuna, amene anali mlenje, ankati nguluwe imaphedwa ndi maso, mkondo umangomaliza.

Ankatanthauza kuti uyambe waidziwa. Nguluwe si njiri. Njiri imayenda masana poyera, ikamathawa mchira uli njo. Nguluwe imadya usiku, mchira uli pansi, ndipo masana imabisala m'ziyangoyango zowirira m'mbali mwa mitsinje. Ndiye musataye nthawi kuisaka dzuwa lili paliwombo. Lawirirani mame asanakamuke, muzungulire munda wonse kunja kwake, mupeze pamene zalowera ndi pamene zatulukira. Zimakonda njira imodzimodzi, mpaka udzu umachita kamphanga. Tsatani mapaziwo pang'onopang'ono. Mukafika pa chithaphwi pamene zagubuduka, yang'anani mitengo yapafupi: zimadzikhula, matope n'kutsala pa tsinde, nthawi zina ndi ubweya womwe. Kutalika kwa matopewo kukuuzani kukula kwa nyama. Matope akakhala aawisi, dziwani kuti zadutsa usiku womwewo. Mapazi akuluakulu osakanikirana ndi ting'onoting'ono ndiye kuti ndi banja lili ndi ana, ndipo pamenepo ine ndimati bwererani, zipirikitseni ndi phokoso basi. Yaikazi ya ana siopa munthu.

Masuku akayamba kugwa, cha m'Novembala ndi Disembala, kaoneninso pansi pa misuku. Sizidutsa osaima.

Chachikulu ndi mphepo. Maso a nguluwe ndi ofooka, koma mphuno ndi makutu ayi. Agogo ankayenda ndi phulusa m'kansalu, akafika pamalo n'kugwedeza pang'ono kuti aone kolowera mphepo. Nsanja yolindirapo ankaimanga mbali imene mphepo ikuchokera kwa nyama kubwera kwa iwo. Fodya ayi, sopo wonunkhira ayi, macheza ayi. Masiku ano ndionjezepo foni, chifukwa kuwala kwake kokha kumaononga ulonda wa usiku wonse. Sankhani usiku wa mwezi, ndipo musapite nokha. Yaimuna yaikulu imaposa thumba la chimanga la makilogalamu 50 kulemera, mano ake am'munsi ndi aafupi koma akuthwa ngati mpeni. Ndinaonapo galu wabwino atang'ambidwa mimba kamodzi kokha. Yovulala musaitsate m'tchire lowirira usiku, dikirani kuche.

Tsono za mawaya. Waya sasankha. Chaka china mbuzi ya amayi anga yabere inafera mu khwekhwe amene wina anatchera nguluwe, ndipo mpaka lero sanadziulule. Mawa adzakhala mwana wotola nkhuni. Komanso nguluwe yaikulu imadula waya n'kumayenda ndi bala, ukali utawirikiza, yodzakumana nayo n'kukhala mayi wopita kumtsinje.

Moto ndiye umandiwawa kwambiri. Mukayatsa khwawa, nguluwe zithawira kutsidya, mawa zibwereranso chifukwa chakudya chatsala ndi cha m'dimba mwanu chokha. Inu mwatsala ndi phiri lakuda bii, udzu wofolera wapita, timitengo tophukira tafa, mvula yoyamba n'kukokolola nthaka yonse kutsikira ku Livulezi. Anzathu a ku Ntcheu akudziwa bwino zimene kutha kwa mitengo ya ku Mvai kunachita ku damu la Mpira, mipopi itauma mu 2018.

Lamulo nalo lilipo. Chongoni, Mua-Livulezi, Dzonzi ndi Mvai ndi nkhalango zotetezedwa, ndipo kusakamo popanda chilolezo ndi mlandu. Zilango za milandu ya nyama zakutchire zinakhwimitsidwa mu 2017. Nguluwe zikakuvutani, kauzeni amfumu, mudziwitsenso a nthambi yoona za nyama zakutchire musanagwire mkondo. Mfuti yopanda chiphaso isatuluke m'nyumba.

Ndipo inu oweta nkhumba, mverani ichi. Nguluwe imatha kukhala ndi kachilombo ka chigodola iyo osadwala. Chigodola chilibe mankhwala, chikalowa m'khola chimasesa. Ngati mwapha nguluwe movomerezeka, musasendere pafupi ndi khola, madzi otsukira nyama ndi zotsala musapatse nkhumba, matumbo kwirirani mozama, nsapato ndi mipeni mutsuke musanalowe kwa ziweto. Nyamayo iphikidwe mpaka ipse ndithu, osati yongowamba pamwamba.

Loweruka ndikukwera basi kupita kumudzi. Msuweni ndamuuza kuti asaponde mbali ya kumadzulo kwa dimba kumene zikulowera, asonkhanitse zitini zakale zomangirira pa chingwe, ndiponso andisungire phulusa la pa mafuwa.