Kunenepa kwa pa 13A tisamangokuombera m'manja

Kuno ku Thyolo thanzi la munthu timaliyeza ndi maso, ndipo pa nkhani ya ma ARV masowo akhala akutinamiza kuyambira kale.

Amene munalipo a MSF, bungwe la madokotala opanda malire lija, akuyamba kupereka mankhwala kuno mu 2003, boma lisanayambe aulere dziko lonse mu 2004, mukuikumbukira Triomune, piritsi la ma ARV la nthawi imeneyo. Inadzutsa anthu pamphasa, zimenezo palibe angatsutse. Koma zitapita zaka, ena masaya anayamba kulowa, matako kuphwa, mitsempha kuonekera m'mikono ndi m'miyendo. Pamsika wa Bvumbwe anthu n'kumakodolana kuti uja matenda amukulira. Sizinali choncho. Vuto linali stavudine, mmodzi mwa mankhwala atatu a m'piritsi lija. Amawononga mitochondria, tizigawo topatsa selo mphamvu, ndiye maselo a mafuta a pansi pa khungu amafota mpaka kufa. Selo likafa, ngakhale mudye nsima ya mbale ziwiri, tsaya silidzadza msanga. Kachilombo ka HIV kanali katagonja, koma nkhope ndiyo inkamuulula munthu, ena mpaka kusiya kupita kumaliro ndi kutchalitchi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litalangiza kuti stavudine asiyidwe, anthu anasamutsidwira pa mtundu wina wa ma ARV wotchedwa 5A, wokhala ndi mankhwala a efavirenz, kuyambira amayi oyembekezera mu 2011.

Kuyambira 2019 ambiri ali pa 13A, mtundu wa ma ARV wokhala ndi mankhwala a dolutegravir. Ndi yamphamvu, imatsitsa kachilombo msanga, ndipo chizungulire cha efavirenz chija anthu anapuma nacho. Koma ambiri ikuwanenepetsa, makamaka amayi, monga anapezera kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg. Ife tikawaona: "Eee mayi, mwanenepatu, bambo akusamala!" Kunenepa kwina n'kwabwino, thupi likubweza zomwe matenda analanda. Kwina ndi mafuta ounjikana m'mimba, aja oitana BP ndi shuga, ndipo chitenje sichikuuzani kuti anu ndi ati.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti sikelo timakwera ulendo uliwonse, makilo n'kulembedwa pakhadi, koma amene amafunsa kuti akukwera bwanji ndi ochepa. Ena akaona mimba ikutuluka amayamba kudumphitsa mapiritsi mwakachetechete, poopa kuti anthu awazindikira. Apo ndiye ayi, kachilombo kamadzuka.

Tsiku lokatenga mankhwala, pemphani adokotala akuwerengereni makilo a chaka chatha ndi a lero, akuyezeni BP, ndipo ngati ludzu ndi kukodzakodza usiku zayamba, akuyezeninso shuga.