Ku Porto anandilandira ngati m'bale, ku Santiago ndinalandiridwa ndi chitseko

Ndangobwerako kumene ndipo mtima udakali m'mwamba. Pa nkhani yolandira alendo, Apwitikizi awasiya kutali anzawo a ku Spain.

Ku Porto ndinagona m'kanyumba ka alendo ka zipinda 6, kumtunda pang'ono kwa Ribeira, dera lakale la m'mbali mwa mtsinje. Nyumba yakalekale, khoma lakunja lokutidwa ndi matailosi abuluu aja amati azulejo. Lifiti mulibe, masitepe ndi opanikiza moti sutikesi imakhula khoma. Koma mayi eni nyumbayo, a imvi mbuu, anatsika okha kudzandichingamira. Atamva Chipwitikizi changa chotolera ku Ulongwe wa ku Mozambique, nkhope yawo inawala, ndipo anandikhazika pansi kaye n'kundithirira khofi tisanakambe za pasipoti. M'mawa anabweretsa buledi wotentha ndi timakeke ta kasitadi totchedwa pastel de nata, natsegula zenera kuti ndione mlatho wa Dom Luís I, uja anautsegulira mu 1886, utadutsa pamwamba pa mtsinje wa Douro.

Ndiye ndinakwera sitima pa siteshoni ya Campanhã kupita ku Vigo ku Spain, n'kupitirira mpaka Santiago de Compostela. Abale, ndinafika mvula ikukhuthuka, pakhomo popanda ndi munthu mmodzi yemwe. Manambala otsegulira chitseko amati abwera pa WhatsApp ndikamaliza kudzaza fomu pa intaneti. Kuyambira Disembala 2024 lamulo la ku Spain likukakamiza malo ogona kulemba zambiri za mlendo: pasipoti, adiresi ya kwanu, foni, ngakhale mmene walipirira. Lamulo ndi lamulo, sindikukana. Koma munthu adzaze zonsezo ataima pamsewu, zala zili zii ndi kuzizira? Ndipo poti Spain ili patsogolo ndi ola limodzi, wothandiza alendo anali ataweruka kale. Ndinakhala mphindi 40 pakhonde la miyala.

Chilungamo ndinene. Bedi la ku Santiago linali labwino kuposa la ku Porto, ndipo ukaitanitsa chakumwa amakuikira kambale ka tizakudya totchedwa tapa kaulere, pamene ku Porto buledi ndi maolivi akuikira patebulo ukangodya walipira. Tchalitchi chachikulu cha pa Praza do Obradoiro nachonso chinandigwira mtima.

Komabe masiku awiri onse sindinaone nkhope ya mwini nyumba. Pochoka kiyi ndinangoponya m'kabokosi. Ku Porto mayi aja anandiperekeza mpaka pamsewu, atanyamula ambulera yanga.